Osavomera kuluza mlandu usanazengedwe

Ku America kuli nkhani yoti ife a m'mbali mwa nyanja tiitchere khutu. Makampani ena obwereketsa ndalama kwa amabizinesi ang'onoang'ono kumeneko amasainitsa pepala lotchedwa confession of judgment. Wosainayo amavomereratu kuti tsiku lomwe mwini ndalama adzanene kuti sakubweza, mlandu waluza kale. Saitanidwa kukhoti, mbali yake simveka. Mwini ndalama amangopereka pepalalo kwa kalaliki wa khoti, basi akaunti ya ku banki n'kutsekedwa.

Mu 2018 atolankhani a Bloomberg adapeza kuti kuyambira 2012 makampaniwa adatenga zigamulo zoposa 25,000 ku New York mwa njira imeneyi. Mu 2019 New York idaletsa kugwiritsa ntchito mapepalawa pa anthu okhala m'zigawo zina, ndipo maseneta Sherrod Brown ndi Marco Rubio adabweretsa bilu yoti aletsedwe dziko lonse pa ngongole za bizinesi, monga adaletsedwera pa ngongole za pakhomo kuyambira 1985.

Otsutsa biluyo amati wabizinesi ndi munthu wamkulu, amasaina akudziwa. Koma amene wapanikizika sasankha. Msodzi amene injini yamufera usipa uli pakati, kapena mlimi wosowa fetereza mvula itagwa kale, amasaina chilichonse. N'chifukwa chake ndikuti biluyo ili bwino.

Kwathu kuno nzeru yomweyo imabwera itavala malaya ena. Wakatapila amakulembetsa kuti ukachedwa tsiku limodzi, boti ndi chilimira ndi zake, popanda kupita kwa amfumu kapena kukhoti. Chonsecho lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyezo. Nanga lamulolo likuthandiza bwanji ngati unadzitsekera wekha khomo?

Chipembedzo chathu chidaletsa riba. Sura Al-Baqarah imatilamula kulemba ngongole pamaso pa mboni, komanso kumupatsa nthawi amene wavutika kubweza. Kulembako cholinga chake n'kuteteza onse awiri, osati kumanga m'modzi manja.

Choncho musanasaine kapena kudinda chala, pepala lipite kaye kunyumba. Wina wodziwa akuwerengereni mzere uliwonse, mufunse chomwe chidzachitike mwera ukakulepheretsani kulowa m'madzi sabata ziwiri. Wobwereketsa akakana kuti mulitenge, wakuuzani kale zonse. Ngongole ibwezedwe ndithu, ndi udindo pamaso pa Allah, koma ufulu womvedwa osaupereka ngati chikole.