Kodi mlamba unalakwanji?

Sabata yatha pa msika wa Limbe panali kamkangano. Mayi wina wogulitsa milamba yowamba yochokera kwa Nyachikadza ku Nsanje anapsa mtima kasitomala atati: "Pepani mayi, ife a Sabata sitidya zimenezi."

"Yawola kapena? Tandiuzani chifukwa chake!" Bambo uja anangokanda m'mutu.

Musawaseke bambowo, abale anga. Funso limeneli lazunguza mitu ya aphunzitsi a Chiyuda kwa zaka mazanamazana.

Lamulo lake lili pa Levitiko 11: nsomba yodyedwa ikhale ndi zipsepse komanso mamba. Mlamba ulibe mamba, basi mlandu wake ndi womwewo. A Seventh Day, amene anakhazikika ku Malamulo ku Thyolo mu 1902, amatsata lomweli.

Ayuda amawerenga malamulo 613. Ena, monga loletsa kuba, ngakhale mwana amamvetsa. Koma ena, monga la nkhumba ndi loletsa chovala chosakaniza ubweya ndi bafuta, amawatcha chukim. Rashi wa ku France, amene anamwalira mu 1105, ankati amenewa ndi mawu a mfumu, osawiringula.

Maimonides, dokotala amene anamwalira ku Egypt mu 1204, ankaona mwina. Ati Mulungu salamula zopanda pake, ndipo chifukwa chikabisika ndi nzeru zathu zaperewera. Iye ankati zakudya zoletsedwazo zimaononga thupi.

Isaac Abarbanel, wobadwira ku Lisbon, anatsutsa: nanga bwanji mitundu ina ikudya zomwezo koma ili ndi thanzi? Apa mkuluyu anagunda pomwepo. Pitani kwa Nyachikadza mukaone anyamata okulira mlamba akupalasa bwato mu Shire tsiku lathunthu. Odwala amenewo?

Ine ndikuona kuti lamulo lotere silinena za nsomba ayi. Limakumbutsa munthu, nthawi ya nsima iliyonse, kuti iye ndi wa yani. Nanga ife tinawafunsapo agogo chifukwa chimene mayi ali kumwezi sathirira mchere m'ndiwo?

Tsono inu a Sabata, kanani mwaulemu, osati kumati nsomba ya mnzanu ndi yauve. Msodzi anaiwedza pakati pa ng'ona imeneyo.

Nanu amayi, musataye kasitomala chifukwa cha Levitiko. Pooda milamba oodaninso makakana. Amenewo mamba ali nawo.

Tionane sabata yamawa.