Magetsi athu ali pa sikirini, nanga akuwalondera ndani?

Magetsi akathima, ambiri a ife timathamangira pa Facebook kukalalata. Wina amati mtengo wagwera mawaya, wina amati akuba apopa mafuta m'thiransifoma. Koma ndi ochepa amene amaganiza za munthu yemwe amakhala m'chipinda usiku wonse, maso ali pa kompyuta, amene akadina malo amodzi dera lonse litha kulowa mumdima.

Makina amene munthuyu amagwiritsa ntchito amatchedwa SCADA, ndipo amapezeka kumagetsi, kumadzi ngakhalenso m'mafakitale. Ndifotokoze mwachidule. Kumalo antchito kuli timasensa toyeza mphamvu ya magetsi, kutentha kwa injini kapena kuchuluka kwa madzi m'thanki. Timasensati timauza kakompyuta kolimba kotchedwa PLC, komwe kamatsegula valavu kapena kuzimitsa pampu. Uthenga umayenda pa netiweki mpaka pa seva, yomwe imasunga mbiri ya zonse zomwe zachitika. Pomaliza pali sikirini, HMI, pomwe wogwira ntchito amaona chithunzi cha fakitale yonse, alamu ikalira n'kuchitapo kanthu.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Vuto la kusiteshoni yakutali limadziwika nthawi yomweyo, popanda kudikira kuti wina akwere galimoto kukaona. Kuno kwathu ESCOM idalandira makina otere kudzera mu mgwirizano wa Millennium Challenge Corporation womwe udatha mu 2018.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi ichi: khomo lomwe injiniya amalowera ali kutali, mbava ithanso kulowera pomwepo. Njira zina zomwe makinawa amalankhulirana n'zakale kwambiri. Modbus, mwachitsanzo, idapangidwa mu 1979, ndipo payokha siifunsa kuti wolamulayo ndi ndani. Ikauzidwa kuti zimitsa, imangozimitsa basi.

Izi si nthano ayi. Pa 23 December 2015, ku Ukraine, ogwira ntchito kumakampani atatu ogawa magetsi adalandidwa makompyuta awo ali pompo. Ena adangoona kamuvi ka pa sikirini kakuyenda kokha, kakuzimitsa siteshoni imodzi ndi imodzi. Makasitomala oposa 200,000 adakhala mumdima nyengo yozizira. Achiwembuwo adalowa bwanji? Kudzera pa ma email okhala ndi mafayilo oipa, omwe antchito adatsegula. Kachilombo ka Stuxnet, komwe kadadziwika mu 2010, kadaononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, uku kakunamiza oyang'anira kuti zonse zili bwino.

Mwina mukuti, aaa, ndani angalimbane ndi Malawi? Tikumbukire kuti mu February 2024 mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndipo achiwembu akufuna dipo. Pasipoti ikachedwa timadandaula. Nanga atakhala mapampu amadzi, kapena magetsi opita kuchipatala komwe kuli ana obadwa masiku osakwana?

Sindikunena kuti tibwerere ku zakale. Ndikuti tisamangogula makina n'kudula riboni. Kompyuta yoyendetsa pampu isakhale pa netiweki imodzi ndi yowerengera ma email, ndipo fulashi yokopera nyimbo isayandikire konse. Pasiwedi yomwe idabwera ndi makina isinthidwe tsiku loyamba. Komanso antchito asaiwale kuyendetsa zinthu pamanja, poti ku Ukraine chomwe chidabwezeretsa magetsi m'maola ochepa ndi anthu omwe adapita okha kumasiteshoni kukayatsa.

Kwa achinyamata anzanga, apa pali ntchito. Tonse tikufuna kupanga ma app ndi mawebusaiti, koma ndi angati akuphunzira PLC? Ngati sitiphunzira, tizingodikira katswiri wochokera kunja, wolipidwa madola, kuti adzatikonzere chinthu chomwe moyo wathu wadalira. MUBAS ndi makoleji a ntchito zamanja aike mtima pa maphunziro amenewa, ndipo makampani atsegule zitseko kwa ophunzira. Mlonda wabwino wa nyumba ndi amene amagona momwemo.