Wailesi Yolankhulirana Sinathe Ntchito

Ena amati kuika wailesi yolankhulirana m'galimoto n'kubwerera m'mbuyo, poti ambiri tsopano ali ndi lamya za m'manja. Anthu otere aiwala msanga. Namondwe Freddy atafika kuno ku Mulanje mu Marichi 2023, milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo m'madera ambiri lamya zinangoti zii. Lamya imadalira nsanja, ndipo nsanjayo imadalira magetsi. Wailesi imangofuna batire la galimoto ndi mlongoti womangidwa bwino padenga. Dalaivala akalankhula, anzake a pa tchanelo chomwecho amamva nthawi yomweyo, popanda kugula mayunitsi.

Otsutsa amatinso phiri limatchinga mawu. N'zoonadi, mawu sangaboole Sapitwa. Koma madalaivala a mumsewu wa ku Muloza angathe kulandizana uthenga, wina kuuza mnzake, mpaka ukafike kuchipatala cha boma.

Choncho eni minibasi, malole ndi maambulansi apemphe chilolezo ku MACRA, aike mawailesiwa kunja kukadali kouma. Napolo anasesa midzi ku Phalombe mu 1991, Freddy anadzabwereza mu 2023. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Nanga ife tiiwalirenji?