Dongo Lothira M'chakudya cha Nkhuku Liyambe Layesedwa

Ena mwa awerengi athu amene amaweta nkhuku za nyama amadabwa akamva kuti m'chakudya china cha nkhuku amathiramo dongo, ndipo amayesa kuti ogulitsa angofuna kulemeretsa thumba. Ife tikuti mchitidwe umenewu uli ndi maziko ake, koma mlimi ayenera kudziwa ntchito imene dongolo lingagwire ndi imene silingagwire.

Nkhaniyi inayamba ndi tsoka. M'chaka cha 1960 nkhukundembo zokwana ngati 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil, ndipo akatswiri atafufuza anapeza chiphe chimene chimapangidwa ndi chuku, nachitcha aflatoxin. Chuku chomwecho ndicho chimamera pa chimanga ndi mtedza wathu kuno pamene mbeu zakololedwa zisanaume, kapena zasungidwa m'nkhokwe yodontha. Tsono nchizolowezi cha ambiri a ife kupatula chimanga chabwino cha pa banja ndi kuponyera ziweto chowola pamodzi ndi madeya ake. Nkhuku ya m'mudzi imatolako zina kutchire, koma nkhuku ya nyama iri m'khola usana ndi usiku, imadya chokhacho chimene mwini wake waika, ndiponso iyenera kufika makilogalamu awiri m'masabata asanu ndi limodzi okha. Chiphechi chikalowa chimaononga chiwindi, nkhuku imaleka kudya bwino nipinimbira, ndipo ngakhale katemera wa chitopa sagwira mokwanira m'thupi lofooka chotero.

Apa ndipo dongo limathandiza. Dongo lotchedwa bentonite, lochokera ku phulusa la mapiri amene anaphulika kalekale, liri ndi timizere topyapyala tosanjikizana ngati masamba a buku. Chiphe cha chuku chikakomana nalo m'matumbo chimakanirira pakati pa timizereto, nichituluka ndi zitosi chisanalowe m'magazi. Zimenezi zinatsimikizidwa ndi akatswiri a ku Texas A&M University cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo muyeso umene anaona kuti ukukwanira ngwochepa ndithu, pafupifupi magalamu 250 m'thumba la makilogalamu 50. Dongoli limamwanso madzi, kotero zitosi zimaumirako ndipo utuchi wa m'khola suchedwa kuuma, chinthu chimene aliyense amene analowapo m'khola la nkhuku nyengo ya dzinja adzachiyamikira. Kuyambira 2006, pamene maiko a European Union analetsa kuthira mankhwala a antibayotiki m'chakudya pofuna kukulitsa ziweto msanga, chidwi pa dongo chakula koposa.

Komatu tisanyengedwe. Kumene chakudya chiri choyera kale, phindu la dongo pa kakulidwe ka nkhuku limakhala lochepa, ndipo mayeso ena salipeza nkomwe. Dongo siliri ndi chakudya m'kati mwake, ndipo likachuluka limangolanda malo a chimanga ndi soya. Likhozanso kugwira mankhwala ena amene nkhuku yapatsidwa, ndicho chifukwa chake ku European Union anaika malire a makilogalamu 20 pa tani imodzi, nachenjeza kuti bentonite asaperekedwe pamodzi ndi mankhwala ena, monga robenidine woteteza ku matenda otsegula m'mimba a coccidiosis. Ndiponso pali ziphe zina za chuku zimene dongoli siligwira bwino konse.

Chimene chikutidetsa nkhawa koposa ndi ichi: munthu akamva mau akuti dongo, adzaganiza za chulu cha kuseri kwa nyumba kapena dongo loumbira mbiya la kudambo. Dongo lonse si limodzi. Lina silimata chiphe ngakhale pang'ono, lina liri ndi ziphe zakezake. Ku United States m'chaka cha 1997 anapeza chiphe choopsa cha dioxin m'nyama ya nkhuku, ndipo atalondola anapeza kuti chinachokera ku dongo la mgodi wina wa ku Mississippi, limene ankathira m'chakudya kuti chisamagwirane. Ngati zotere zinachitika kwa eni makina oyesera, nanga kwa munthu wokumba ndi khasu?

Nchifukwa chake tikupempha kuti dongo liri lonse logulitsidwa kwa alimi liyambe lapimidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndi kuti pa thumba palembedwe dzina la dongolo ndi muyeso wake m'chinenero chimene mlimi angawerenge. Kungakhale kwabwinonso akatswiri athu a ku Bunda ndi ku Chitedze atayesa dongo la m'dziko mwathu muno, pakuti likapezeka loyenera, ndalama zoitanitsira kunja zidzapulumuka. Alangizi a ziweto nawo, pophunzitsa za dongo, ayambire pa kuumitsa chimanga ndi kufolera nkhokwe, popeza chimanga chimene chabiriwira ndi chuku nchoyenera kuchikwirira, ngakhale mlimi ali ndi thumba lathunthu la bentonite m'nyumba.