Si ufiti ayi, ndi mawaya

Amalonda anzanga opikula milamba ku Bangula ndi ku Nsanje, tamvani. Matola akayaka moto pokwera chitunda cha pa Thabwa, tisathamangire kunena za ufiti.

Fyuzi ikapsa, adalaivala ena amangoikapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Komatu fyuzi ntchito yake ndi kupsa kuti galimoto ipulumuke. Kawaya sikaduka, kamangotenthetsa mawaya ena mpaka pulasitiki kusungunuka, petulo ali pomwepo. Kuphatikiza dzuwa la Okutobala la kuchigwa ndi katundu wosefukira, basi mpamba wonse phulusa!

Mukamva fungo la kupserera, menyani bodi, tsikani. Adalaivala azimitse injini, achotse waya wa batire, motowo athire mchenga osati madzi. Akusekeni bwanji? Mbewa ya manyazi idafera ku una.