Zotsatira za kafukufuku zisamatsekeredwe

Chaka ndi chaka akatswiri amafika m'midzi ya ku Chikwawa, Mangochi ndi maboma ena kukatenga magazi a anthu pofufuza za malungo ndi matenda ena. Koma zotsatira zikatuluka pa intaneti, magazini ena a zamaphunziro amalipiritsa madola 30 kapena kuposerapo kuti munthu awerenge nkhani imodzi yokha. Nanga namwino wa pachipatala chaching'ono kapena mwana wa kukoleji angazitenge kuti ndalama zoterezi?

Chikhalirecho njira ina ilipo. Magazini ya Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere pa intaneti. Komanso kuyambira 2002 pali ziphaso za Creative Commons zomwe mlembi amaika pa nkhani yake. Chiphaso cha CC BY chimalola aliyense kukopera nkhaniyo, kugawira anzake, ngakhalenso kuimasulira m'Chichewa, bola atchule mwini wake. Chikakhala ndi zilembo za ND, kufalitsa zomasulira kumafuna chilolezo.

N'chifukwa chake makomiti ovomereza kafukufuku m'dziko muno akuyenera kumalamula kuti zotsatira zizituluka ndi chiphaso cha CC BY. Anthu a kumudzi amene adapereka magazi awo adalipira kale.