Kokalawa vinyo ku Cape: belu lija linkaitana yani?

Masiku ano Mmalawi akapita ku Cape Town, kaya kokaona mwana kaya kumsonkhano wa kuntchito, salephera kubwerako ndi chithunzi ichi: ali chiimire pa kapinga, tambula ya vinyo ili m'manja, kumbuyo kwake kuli nyumba yoyera mbee ndi mapiri ataliatali. Mukafunsa kuti kumeneko ndi kuti, akuuzani kuti ndi ku Stellenbosch kapena ku Franschhoek, anzake anamutengera kokalawa vinyo. Ine sindikudzudzula munthu ayi. Nanenso ndinapitako, chithunzi choterocho ndili nacho, ndipo mpata utapezeka mawa ndikhoza kunyamukanso. Chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi belu limene ndinaliona kumeneko.

Ndiyambe ndafotokozera anzathu amene sanafikeko. Kuchoka mumzinda wa Cape Town kukafika ku Stellenbosch ndi makilomita pafupifupi 50, ku Paarl pafupifupi 60, ndipo Franschhoek ali patsogolo pang'ono. Tingoti ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Thyolo kapena ku Zomba: munthu amanyamuka atamwa tiyi, dzuwa likamalowa n'kuti wabwerera. Mukafika pa esiteti mumalipira kandalama, amakukhazikani pamthunzi, ndipo mnyamata kapena mtsikana amakuthirirani vinyo pang'onopang'ono, mitundu 5 kapena 6, kuyambira woyera kumalizira wofiira. Amakuuzani kuti uyu ndi Chenin blanc, mpesa umene umalimidwa kwambiri m'dzikomo, uyu ndi Pinotage, mtundu wawowawo umene Abraham Perold anaupeza mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mpesa. Patebulo amaikapo kachitini koti mukalawa muzilavuliramo. Ife amene tinakula tikumva kuti mowa sautaya, kachitini kameneka timangokayang'ana. N'chifukwa chake wanzeru sayendetsa yekha galimoto paulendowu. Ku Franschhoek, kuyambira mu 2012, kuli kasitima ndi timabasi tozungulira m'maesiteti, mlendo amangotsika apa n'kukwera apo.

Kukongola kwake sindingakunamizeni. Mizere ya mpesa imakwera phiri ngati tiyi wa ku Mulanje, misewu ya mu Stellenbosch ndi ya mithunzi ya mitengo yakalekale, chakudya ndi chabwino, anthu ndi aulemu. Ulendo wonsewu unachita kukonzedwa. Mu 1971 alimi atatu, Frans Malan, Spatz Sperling ndi Niel Joubert, anayambitsa njira yoti alendo aziyendera maesiteti a ku Stellenbosch, kulawa ndi kugula vinyo pomwepo. Achikulire akumbuka kuti chaka chomwecho, mwezi wa August, Dr Banda anakacheza ku South Africa ngati mlendo wa boma la tsankho. Iwo anakalandiridwa ndi ulemu wonse, pamene munthu wakuda wa konko amaloledwa kulowa m'munda wa mpesa ndi dengu lokha.

Tsopano belu lija. Pa maesiteti ambiri akale, chapafupi ndi nyumba yaikulu, pamakhala kachipilala kopaka laimu, pamwamba pake atapachikapo belu. N'kokongola ndithu, moti akwati amajambulitsapo zithunzi. Dzina lake ndi belu la akapolo. Linkalira m'mamawa kuwadzutsa, linkaliranso madzulo kuwaweruka. Wotiperekeza analitchula mothamanga, mphindi yomweyo n'kutilozera denga la udzu ndi chaka chimene nyumbayo inamangidwa. Ine ndinatsalira pabelupo.

Nkhani imene amakamba kumeneko imayenda motere. Pa 2 February 1659 Jan van Riebeeck anafinya vinyo woyamba wa mphesa za ku Cape. Mu 1679 Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch, ndipo mu 1685 anatenga munda wake wa Constantia. Mu 1688 kunafika Akhristu a Chifalansa othawa mazunzo kwawo, nawapatsa malo m'chigwa chimene lero chimatchedwa Franschhoek. Zonsezi n'zoona. Koma kodi malowo anali opanda eni? Munali modyetsera ng'ombe ndi nkhosa za a Khoikhoi. Nanga anakumba mayenje ndani, anadulira mpesa ndani, anaponda mphesa ndi mapazi ndani? Anali akapolo, amene zombo zinayamba kuwatsitsa chambiri mu 1658, ndipo m'zaka zotsatira anachokera ku Madagascar, ku India, kuzilumba za Indonesia, ndi ku Mozambique, kwa anansi athu enieniwa. Ukapolo unatha pa 1 December 1834, koma anthuwo anawakakamiza kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale, tizisiye. Chabwino, tiyeni tisendere kufupi. Ukapolo utatha, alimi anafunikabe njira yomangira wantchito pamunda, ndipo chingwe chake chinali vinyo yemweyo. M'Chiafrikaans amati "dop": gawo lina la malipiro linkaperekedwa m'chikho, vinyo wotsika mtengo, kangapo pa tsiku kuyambira m'mawa. Munthu woti wamwetsedwa chotero kuyambira ali mnyamata sathawa, sakangana ndi kapitawo, ndiponso sasunga ndalama yoti n'kuyendera. Lamulo linaletsa mchitidwewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina unapitirirabe mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo la mowa la 2003 linachita kubwerezanso kuti mowa si malipiro. Chikhocho chinachoka koma ludzu linatsala. Madokotala atafufuza ana a sukulu ku Wellington, tauni yoyandikana ndi Paarl, anapeza kuti chiwerengero cha ana obadwa ndi ubongo woonongeka chifukwa mayi ankamwa ali oyembekezera chinali m'gulu la ziwerengero zokwera kwambiri pa dziko lonse lapansi. Ana amenewo lero ndi akuluakulu, ndipo ena a iwo ndi amene akuthyola mphesa.

Kwa ife Amalawi fungo la nkhaniyi si lachilendo. Agogo athu a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anaidziwa thangata: ukhale pamalo pa mzungu, ulipire ndi thukuta, ukakana nyumba yako igwetsedwe. Ku Cape nakonso nyumba ya wantchito imakhala pamunda wa bwana, choncho ntchito ikatha denganso limagwedezeka. Boma la Mandela linaika lamulo mu 1997 loteteza anthu okhala m'minda kuti asamathamangitsidwe mwachisawawa, komabe mu 2011 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za mabanja othamangitsidwa, nyumba zosayenera kukhalamo munthu, ndi antchito opopera mankhwala popanda zodzitetezera m'minda ya zipatso ndi ya vinyo ya m'chigawochi. Chakumapeto kwa 2012 antchito a ku De Doorns, kumene amalima mphesa zodya, ananyanyala ntchito natseka msewu waukulu wa N1, ndipo moto unafalikira m'matauni ena. Malipiro otsikitsitsa anali R69 pa tsiku. Iwo ankafuna R150. Boma linawakwezera kufika pa R105 kuyambira March 2013. Zinatenga mpaka March 2021 kuti malipiro otsikitsitsa a wantchito wa kumunda afanane ndi a antchito ena, pa R21.69 pa ola. Inu amene munalipirako chakudya cha masana pa esiteti, werengani nokha kuti mbale yanu inali maola angati a munthu.

Apa ndikudziwa kuti ndakhudza pachilonda pa abale athu amene anakhala zaka zambiri kunja. Ambiri a inu ku London, ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam munkabweza botolo pashelefu mukangoona kuti lachokera ku Cape. Kunyanyala katundu wa ku South Africa kunayamba ku Britain mu 1959, ndipo munakusunga mokhulupirika ngakhale pamene boma la kwathu linkagwirana chanza ndi Pretoria. Mkulu wina wotere anandiuza maso ali gwa kuti iye sangapondeko kuminda imeneyo, ndipo kuti ife opitako tikuvina pamanda. Mawu akewo sindiwapeputsa.

Komabe sindigwirizana naye. Kunyanyala kuja kunali ndi mphamvu chifukwa eni ake ovutikawo ndi amene anakupempha, ndipo kunali ndi chimene kunkafuna: kugwetsa boma la tsankho. Boma limenelo linagwa mu 1994. Lero mlendo akakhala kunyumba, mwini esiteti sagona ndi njala, vinyo wake amakwera chombo kupita ku Ulaya. Amene amayamba kumva kuwawa ndi woperekera zakudya, wotsuka matambula, woyendetsa kabasi. Tinazionera mu 2020, pamene boma la South Africa linaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndipo zipinda zolawira vinyo zinatsekedwa: aganyu ndiwo anayamba kukhala pakhomo. Zikakhala kuti antchito eni ake apempha kuti vinyo wakutiwakuti asagulidwe, monga anachitira a pa kampani ina ya ku Robertson pamene ananyanyala ntchito mu 2016, pamenepo tiyenera kumvera msanga. Koma kudzipatula patokha, popanda wotipempha, kumangotiyeretsa ife m'maso mwathu, wothyola mphesa osapindulapo kanthu.

Tsono ine ndikuti pitani, koma ulendowo musaulandire monga anakukonzerani. Wokonza ulendo ndi wamalonda, amakudutsitsani pokongola pokhapokha, nyumba za antchito n'kuzisiya kuseri kwa mitengo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mlendo wolipira ndalama zake ndi funso. Funsani kuti othyola mphesa amakhala kuti. Funsani ngati ali ndi bungwe lawo la antchito, ngati ali ndi gawo m'kampanimo, ngati ana awo ali ndi galimoto yopitira kusukulu. Yang'anani pabotolo ngati pali chizindikiro cha Fairtrade kapena cha WIETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2002 kuti liziyendera kasamalidwe ka antchito m'minda ya vinyo. Zizindikirozi si uthenga wabwino wochokera kumwamba, pena zimaphimba zambiri, koma esiteti imene yalola kuyenderedwa yaposa imene yatseka chipata. Funsani mwaulemu, pakuti mtsikana wokuthirirani vinyoyo si amene amaika malipiro. Koma funsani kuti akanene kwa bwana kuti alendo akufunsa. Wamalonda samva chisoni msanga, koma funso limene labwera katatu pa sabata amalimva.

Ndalama yanunso ili ndi pakamwa. Alipo anthu akuda amene alowa m'ntchitoyi movutikira. Ntsiki Biyela anakulira kumudzi ku KwaZulu-Natal, anagwirapo ntchito ya m'nyumba, ndipo anapita kukaphunzira za vinyo ku yunivesite ya Stellenbosch asanaulaweko n'komwe. Mu 2004 anayamba ntchito yopanga vinyo, ndipo amadziwika ngati mayi wachikuda woyamba kutero m'dzikomo. Pambuyo pake anayambitsa vinyo wakewake, Aslina, dzina la agogo ake aakazi. Oterewa akadali ochepa, minda yambiri ikadali m'manja mwa azungu, ndipo wokuperekezani sangakutengereni kwa iwo ngati simunatchule. Tchulani.

Njiranso isintheni. Pochoka ku Stellenbosch kupita ku Franschhoek mumakwera phiri la Helshoogte, ndipo potsika mumadutsa mudzi wa Pniel. Mabasi ambiri a alendo amangoudutsa. Mudziwu unayamba mu 1843 ngati mishoni ya akapolo omasulidwa, ndipo zidzukulu zawo zilipobe, tchalitchi chilipo, nyumba yosungiramo mbiri yawo iliponso. Imani pamenepo ola limodzi. Kenako, pamsewu wochoka ku Franschhoek kupita ku Paarl, pakati pa minda ya mpesa yomweyo, pali chipata cha ndende imene kale inkatchedwa Victor Verster, lero Drakenstein. Pa 11 February 1990 Nelson Mandela anatulukira pachipata chimenecho atagwirana dzanja ndi Winnie, ndipo lero pali chiboliboli chake atakweza chibakera. Amene munaonera tsikulo pa wailesi ya kanema muli kunja, misozi ili m'maso, mwina simunadziwe kuti kuseri kwa khamu lija kunali mpesa. Kuimapo salipiritsa.

Pa esiteti yomaliza tsiku limenelo ndinafunsa funso langa lija. Mtsikanayo anamwetulira n'kunena kuti iye za kumunda sazidziwa, aitana wamkulu, koma wamkuluyo sanabwere. Potuluka, ndikulankhula ndi mwana wanga za basi, bambo wina amene ankathirira maluwa pafupi ndi chipata anaimika payipi n'kutiyang'anitsitsa.

"Pepani bambo, kodi ndinu a kumudzi?"

Anali wa kwathu konkuno, ndipo tinapatsana moni wautali, wofunsana mvula ndi mtengo wa chimanga. Ndinamufunsa ngati vinyo wa pamenepo ndi wabwino monga amanenera. Anaseka, nati zaka zonse wakhala pamenepo sanalowepo m'chipinda cholawiramo, koma ngati ndikufuna kuona kumene anthu amagona, ndikhote kumanzere ndikangotuluka pachipata, nditsate msewu wafumbi. Woyendetsa galimoto anadandaula kuti nthawi yatha. Tinakhota kumanzere.